Raundi Yachinayi ya a Yakobo

Amuna anga a Yakobo anakhala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri akutchedwa a Katatu, ndipo dzinalo linkandiwawa ine kuposa eni ake. Ngakhale tiana ta mamina kugombe kuno tinkangoti a Katatu, osadziwa n'komwe kumene linachokera.

Linachokera kwa mzungu. Ali mnyamata, a Yakobo ankagwira ntchito ku Chitala kwa mlangizi wa thonje wochokera ku Mangalande, amene anthu anangomutcha Bwana Miyendo. Kwawoko bwanayo anali katswiri wothamanga mailo imodzi, ndiye kuti maraundi anayi kuzungulira bwalo. Anapatako mamendulo, kenaka bondo linamuvuta, achinyamata n'kumupitirira, iye n'kubwera kuno kudzayang'anira thonje. Koma mtima unali usanagonje. Analambula bwalo kuseri kwa nyumba yake, ndipo ataona liwiro la a Yakobo anawapatsa ntchito yothamanga patsogolo kuti iye azilondola pambuyo. Akazungulira katatu azitulukira pambali, bwana amalize yekha. M'mawa uliwonse, zaka ziwiri zathunthu, katatu tuluka, katatu tuluka.

Bwanayo anabwerera kwawo, ndipo akuti anakapambana kamodzi komaliza asanasiye. Chaka chomwecho cha 1958 kunali mpikisano paboma ku Salima. A Yakobo analowa nawo, n'kuwasiya anzawo onse kutali. Atangokwanitsa raundi yachitatu, miyendo inawatulutsa yokha. Anaima pambali manja ali m'chiuno, kudikira bwana kuti adutse. Mmene nzeru zinkabwerera n'kuti ena onse atadutsa kale. Anthu anaseka mpaka kugubuduka. Kuyambira tsikulo a Yakobo sanathamangenso, anatsikira kunyanja n'kukhala msodzi, ine n'kukwatiwa ndi munthu pamodzi ndi dzina lake.

Mzime wathu Enifa ndiye anatengera miyendoyo. Ankasenza beseni la usipa kuchoka kugombe mpaka kumsewu akuthamanga, kuti minibasi ya ku Khombedza isatisiye, ndipo sinatisiyepo. Mu 1995 aphunzitsi ake anamulembetsa mpikisano wa sukulu za m'boma lonse, wopambana akaimire Salima ku Lilongwe. Matipati anali atabwera, lamulo la zovala litatha, ndiye aphunzitsiwo anati avale kabudula. Amayi anzanga a kutchalitchi anandinena mpaka makutu kutentha. Ndinawauza kuti kabudulayo ndasoka ndine, amene akuwawidwa atseke maso.

A Yakobo poyamba sanafune n'kumva komwe. Kenaka m'mawa wina ndinawapeza akulemba bwalo pamchenga ndi nkhafi. Mwanayo ankamuzungulitsa kasanu, osati kanayi, kuti miyendo yake isaphunzire kuima msanga. Koma zopita kuboma anakana, akuti bwalo limenelo sadzapondanso. Ndinawauza kuti akatsala, abwerere ku Chitala akadikire bwana wawoyo. Anavala jekete mwakachetechete.

Tsikulo dzuwa linali lowotcha, anthu ali pikitipikiti kuseri kwa chingwe. Enifa anali wopanda nsapato. Pambali pake panali Charity, mtsikana wa kusekondale amene anapambana chaka chatha, atavala nsapato zoyera mbee. Wezulo italira, Enifa anatsogola. Raundi yoyamba, yachiwiri, Charity ali kumsana kwake ngati nkhupakupa.

Akumaliza yachitatu, Masautso, kondakitala wa minibasi wa pakamwa ngati chitini, anakuwa kuti mwana wa a Katatu wafika pasiteji, atsike. Anthu anaphulika kuseka. Ndinaona Enifa akucheuka, phazi likuzengereza, nkhope itagwa ndi manyazi. Charity anadutsa ngati mphepo. Mtima wanga unangoti phwa, ndipo ndinafuna kumudya wamoyo Masautso.

Ndisanatero, jekete inandigwera kumaso. A Yakobo, munthu wa imvi, anali atalumpha chingwe, akuthamanga m'mbali mwa bwalo kufanana ndi mwana wawo.

"Yatsala imodzi, mwanawe! Tiye!"

Wapolisi wina anafuna kuwagwira, ine n'kumukoka lamba, ndipo mpaka lero sindinapepese. Enifa ataona bambo ake anaweramitsa mutu n'kuyamba kutaya miyendo monga amachitira minibasi ikamanyamuka. Anawasiya bambo akewo pomwepo. Pokhota komaliza anamupeza Charity, anayenda phewa ndi phewa, kenaka mwana wanga anachoka. Anadula tepi yekhayekha, anthu omwe ankaseka aja akulumpha ngati amisala.

Ine ndinalira, sindibisa. Koma nditapukuta maso ndinaona kuti a Yakobo sanaime. Atsikana onse anali atamaliza, iwo akadali kutsidya kwa bwalo, akukoka miyendo, chifuwa chikulira. Phokoso linazilala. Kenaka wina anayamba kuwomba m'manja, bwalo lonse n'kulandira, mpaka Masautso yemwe ndinamuona akuwomba atazolika. Enifa anatola tepi yoduka ija, anapatsa Charity mbali ina, n'kuitambasulanso pamzere.

A Yakobo anafika, anaigunda ndi chifuwa, n'kugwada pafumbi. Ndinathamangira komweko ndikuwakalipira kuti akufuna kundisiya wamasiye. Anandigwira dzanja, mpweya ukuwathera.

"Make Enifa, munawerenga? Akwana anayi."