Mphini za pa Chipumi

Rhoda anawauza mvula yoyamba isanagwe. Anaima pansi pa mbawa pomwe anthu a Zakeyu ankapempherera, mwana wake Mtisunge ali kumsana, nanena kuti dzombe lomwe linadutsa lija laikira mazira kudimba. Anapempha kuti akumbe ngalande, tiana take tikaswa tigweremo.

A Zakeyu, mkulu yemwe anachoka kumishoni n'kuyamba mpingo wakewake pa esiteti ya tiyi, anangoseka.

"Ukumba ngalande kuti ukole gulu lankhondo la Mulungu? Dzombe limeneli ndi la m'Chivumbulutso, mwana iwe. Osalipha, osalidya. Ife osindikizidwa chizindikiro cha Mulungu silitikhudza."

"Ndinaliwerenga buku limenelo kusukulu, abambo," anatero Rhoda. "Dzombe la mmenemo linaletsedwa kuwononga udzu ndi mitengo. Ili likudya chimanga."

"Sitandade fayifi yakulowa m'mutu," anayankha a Zakeyu, anthu n'kugwa nacho chiseko. Mwamuna wake Amosi anamukoka nsalu kuti akhale pansi.

Mazira anaswa chimanga chili m'mawondo. Pa masiku anayi minda yonse ya anthu a thangata inasanduka zitsotso, koma tiyi wa mzungu anangoti biriwiri ngati wathiridwa mafuta. Dzombelo, ndiwo yomwe inkadumpha yokha pakhomo, palibe analigwira.

Pa Sabata lotsatira a Zakeyu sanatchule za ngalande. Analalikira za mano a mkango, za michira ya zinkhanira, za chilombo chotuluka m'nyanja. Kenaka anatseka buku, nayang'ana kumene kunakhala amayi.

"Mulungu sanama. Ngati dzombe latilowera, ndiye kuti pakati pathu pali wina wa chizindikiro cha chilombo. Buku likuti chimakhala pati?"

"Pa chipumi!" anayankha anthu.

Maso onse anatembenukira kwa mayi ake a Rhoda, a Anesi. Iwo anawoloka Ruo kuchokera kwa Apwitikizi ali kamtsikana, ndipo pa chipumi pawo panali mphini za kwawo, zokhota ngati mwezi watsopano. Chichewa cha m'buku sankachimva bwino. Ataona anthu akuwayang'ana, anamwetulira.

"Mawa dzuwa likatuluka tizichotsa ndi lumo, tiwotche ndi chitsulo," anatero a Zakeyu. "Kuposa kuti thupi lonse likapse."

Rhoda anadzuka osadziwa kuti wadzuka.

"Vulani chipewa, abambo!"

Analoza chipewa chomwe chinali pamutu pa a Zakeyu.

"Vulani! Chipsera chili pansi pa chipewacho chinabwera bwanji? Si mphini zomwezi munadziwotcha? Nanga munda wanu dzombe linaulambalala? Mayi anu omwe anagona kumanda uko anali nazo. Nawonso tikawafukule?"

"Amosi," anatero a Zakeyu mosakweza mawu, "nkhuku yako yayamba kulira ngati tambala."

Amayi awiri anamuchotsa Rhoda pa mbawa paja, wina dzanja ili, wina ili. Mtisunge analira njira yonse.

Dzuwa litapendeka, Rhoda anapeza Amosi kuseri kwa nyumba akunola lumo pamwala. Phokoso lake linamuyenda m'mano.

"Lumo limenelo n'la chiyani, bambo a Mtisunge?"

"Anditumizira a Zakeyu. Akuti mkamwini ndiye ayambe."

"Ndipo inu mwavomera?"

"Ndikane ndikhale kuti? Kapitawo amapemphera komweko. Ndikangoti ayi, mawa nyumba ino aigwetsa. N'kachikopa chabe, amake mwana. Kapola."

"Kachikopa? Ka munthu yemwe manja ake anakuphikirani nyemba za kalongonda chaka chomwe munabwera mulibe ndi mphasa yomwe? Nyanga khumi za chilombo mumaziwerenga, mitu isanu ndi iwiri mumaidziwa, koma mazira omwe ndinakuonetsani ndi chala simunawaone. Chilombo mwachisakasaka m'buku mpaka mwachipeza pa nkhope ya munthu wopanda mano!"

"Tsitsa mawu, anthu akumva."

"Amve! Mawa dzombe likabweranso mudula ndani? Mtisunge ali ndi kabala kobadwa nako kuseri kwa khutu. Kameneko mudzati ndi vesi iti?"

Amosi anasiya kunola. Kenaka anathira madzi pamwala, lumo n'kuyambanso kulira.

Rhoda anabwerera kukhonde. A Anesi anali atamuika mdzukulu pamiyendo, ndipo kamwanako kankayendetsa chala pa mphini zija, kuchoka mbali iyi kukafika inayo, monga kankachitira tsiku lililonse.

"Akuti ndalakwa chiyani?" anafunsa a Anesi m'Chilomwe. "Izi anandilemba amayi anga, kuti ndikasochera anthu akwathu andizindikire."

"Simunalakwe kanthu. Miyendo ili bwanji, amayi? Mungafike kwa Mphuka, kwa atsibweni?"

"Inafika kuno kuchokera kutsidya kwa Ruo. Ilephera pamenepa?"

Rhoda analowa m'nyumba. Anatsitsa ngala zitatu za chimanga cha mbewu zomwe zinkalendewera pa utsi, nazimanga m'nsalu pamodzi ndi Baibulo lake la kusukulu. Mtolowo anaubisa mudengu lothyolera tiyi, naphimba ndi masamba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tambala woyamba adzawapeza ali panjira.

Kuseri kwa nyumba, lumo linali likulirabe pamwala.