Chitenje pa Laputopu ya Eliza

Ntchito za Zione Lachitatu limenelo zinali zodziwika: kutunga madzi ku mjigo mzere usanatalike, kuchapa matewera a Priscilla, kuphika phala, kumangirira mbuzi pamthunzi, kenako kupeta mpunga umene mwamuna wake, Lazaro, anabwera nawo kuchokera ku Bwanje. Ngati kuti zimenezi zinali zochepa, mng'ono wake Elizabeti anamuwonjezera ina: kulondera laputopu.

"Asisi, musaizimitse, musaisunthe, musazule chingwe cha ku sola. Basi."

"Nanga ikalira, ndiiyamwitse?"

"Ingoisiyani ilire," anatero Eliza akuseka.

Eliza ndiye anapita patali ndi sukulu pabanjapo, mpaka kuphunzira za makompyuta. Zione anasiyira Fomu 2. Tsopano kampani ina ya ku Lilongwe inali itamutumizira Eliza mayeso a ntchito, oti abweze Lachisanu masana. Mayesowo ankafuna Python watsopano, pulogalamu imene imawerenga zolemba za munthu n'kuuza kompyuta chochita. Vuto linali lakuti laputopu yake inali nkhalamba, Linux wake, pulogalamu yoyendetsa makina onsewo, nkhalamba inzake, ndipo Python wokonzeratu ankakana kulowamo. Anayenera kumumanga yekha.

"Zili ngati za pakaunjika zakukanani," Eliza anamufotokozera Zione. "Mumagula nsalu, telala ayambe wakuyezani, kenako asoke."

Kuyezako n'kumene kunamudyera masiku: kuuza pulogalamu yomangira kuti makinawa ndi a mtundu wanji, mafayilo a chitetezo ali pati, ziti ziyatsidwe, ziti zisiyidwe. M'mawa umenewo kusoka kunali kutayamba. Mizere yoyera inkathamanga pa sikirini yakuda osapuma, ndipo Eliza anati izithamanga choncho mpaka madzulo. Batire la laputopuyo linafa kalekale, ntchito inkatheka dzuwa likamawomba pa sola basi. Atalangiza mkulu wakeyo, anakwera kabaza kupita pa Golomoti, kumene netiweki imagwira, kukatenga mafayilo a mayeso.

Zione anayala mkeka pakhonde n'kuyamba kupeta. Kunali kutentha kwa Okutobala, kamphepo kakubwera mosadziwika bwino. Atalowa kukamwa madzi, anapeza mankhusu ndi fumbi zalowera pawindo n'kutera pa mabatani a laputopu. Mtima unamupweteka. M'nyumba mwake chinthu chamtengo sichikhala pambalambanda. Wailesi ili ndi kansalu kake, ndowa ya madzi akumwa ili ndi kake, makina osokera a malemu amayi amafunda ngati munthu. Ndiye chinthu chimene chanyamula tsogolo la mwana wa mayi ake chizidya fumbi, iye alipo?

Anatulutsa m'sutikesi chitenje chake chopitira ku Misa, n'kuchipinda pawiri, n'kuifunditsa laputopuyo bwinobwino, m'mbali monse akufinyira pansi monga amachitira ndi Priscilla kukazizira. Sanaizimitse. Sanaisunthe. Sanazule chingwe. Kafani kamene kankalira m'katimo kanamveka patali, iye n'kuti, eya, yapeza mtendere.

Atamaliza lichero lomaliza, anazindikira kuti m'nyumba muli zii. Anavundukula. Sikirini inali bii, ndipo atagwira pansi pake anabweza dzanja ngati wakhudza simbi yamakala. Kenako anapinda chitenjecho n'kuchibwezera pansi penipeni pa sutikesi.

Eliza atafika, laputopu inali itazizira. Inayaka bwinobwino, koma ntchito ija inali itafera panjira.

"Mwaigwira, asisi?"

"Ine? Tsiku lonse ndinali ndi mpunga panjapa."

Eliza sanafunsenso. Anakhala pansi, manja ali m'mutu. "Ndiye ndine. Pali chimene ndinayatsa chimene makinawa sakugwirizana nacho." Zione akuona ndi maso ake, mng'ono wakeyo anafufuta zonse zimene zinamangidwa kale, n'kuyambiranso kuyeza.

Lachinayi m'mawa Zione anadzuka ndi ulemu wachilendo. Anamuphikira Eliza tiyi wamkaka, n'kumusendera mango, n'kumuchapira bulauzi imene sinali yakuda n'komwe.

"Lero kwagwanji? Mukufuna ndikulerereni mwana?"

"Idya, usandifunse zambiri."

Koma Eliza sanadye. Ankasintha ichi, kuyesa, kubweza, kusintha china, kufunafuna cholakwa pamene panalibe cholakwa. Dzuwa limene ankalidalira linkakwera, laputopu isanayambe n'komwe kumanga. Zione ankapita ku mjigo ndowa zili zodzadza kale, kuthawa kumva kulira kwa mabatani. Pobwera ulendo wina anamupeza Eliza akuyang'ana khoma.

"Mwina anthu amanena zoona, asisi. Ntchito zimenezi si za ife a kuno. Mutu wangawu ndi woperewera."

Mawu amenewo Zione anawadziwa. Ndi omwe ankadziuza yekha chaka chimene anasiya sukulu. Anatula ndowa, n'kulowa kuchipinda, n'kubwera ndi chitenje chija. Anachiponya pamiyendo pa Eliza.

"Ndinaifunditsa ichi dzulo. Kunali fumbi."

Eliza anayang'ana chitenje, n'kuyang'ana mkulu wake. "Chonchi?"

"Chopinda pawiri."

"Mayo ine! Imapumira pansi ndi m'mbalimu, asisi! Ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha." Anayamba ngati akuseka, koma misozi inatsogola. "Kufunditsako si kanthu. Mukanandiuza dzulo, ndikanangoiuza kuti ipitirize pamene inalekera. Ndafufuta ntchito yabwinobwino."

Zione sanapepese ndi pakamwa, sanazolowere. Anatuluka n'kukatenga njerwa kuseri kwa khitchini. Eliza akubwezera zonse mmene anaziikira poyamba, iye anakweza laputopu panjerwapo kuti mpweya uzidutsa pansi, n'kutseka windo la kumphepo, n'kubereka Priscilla, n'kukhala pampando ndi lichero lopukuta bwino. Mizere itayambanso kuthamanga, anayamba kukupiza.

"Sizikufunika zimenezo, njerwazo zakwana."

"Iwe ona zako."

Anakupiza mpaka dzuwa linachoka pa sola. Lachisanu, dzuwa litangotuluka, Eliza anaiuza kuti ipitirize, Zione n'kutenganso lichero lake. Lazaro anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati m'nyumbamo mwabadwa mwana wina.

Dzuwa litakwera ndithu, mizere ija inaima. Eliza analemba dzina la Python, ndipo pa sikirini panaoneka timivi titatu, tikudikira kulamulidwa. Python anali atamangika, pa makina omwe aja, ndi muyezo womwe uja wa poyamba. Koma mayankho amene Eliza analemba osawayesa anali ndi zolakwika zambiri, ndipo nthawi yokonza inali itapita. Anakonza zimene anatha, n'kuthamangira pa Golomoti kukatumiza. Sabata yotsatira kampani ija inayankha mwaulemu kuti yatenga ena.

Zimene zinatayika pa nkhaniyi ndi izi. Ntchito ya ku Lilongwe. Tsiku lathunthu la dzuwa. Mpunga wopetapeta umene nkhuku zinadya pamkeka Zione ali kalikiliki kukupiza. Phewa lakumanja la Zione, limene mpaka lero limamuwawa akamatula ndowa. Chitenje cha ku Misa chilipo, sichinapse, koma sachivalanso. Python akugwira ntchito, laputopu ikukhalabe panjerwa, ndipo Eliza akufunsira ntchito kwina. Amacheza, amaseka ngati kale. Kungoti masiku ano Eliza akamapita pa Golomoti, amakhoma chitseko cha kuchipinda kwake n'kutenga kiyi.