Kadengu Pakamwa pa Zahwa

Dokotala Nermin anapempha chinthu chimodzi chokha pa khola la mahatchi la Haji Abdel-Sattar ku Sakara: kamwana ka hatchi kotchedwa Zahwa kasadye kanthu mpaka iye atamaliza kukayeza. Koma anapempha pa nyumba yolakwika. Haji ankadyetsa aliyense wolowa pachipata pake, ngakhale wongosochera njira.

Zahwa anali ndi miyezi itatu ndi nkhope yoti anthu ankachokera kutali kudzaiona, koma m'mimba simunali bwino. Ankakukuta mano, kuchucha dovu, n'kugona chagada akangoyamwa. Nermin ankakayikira kuti zilonda zatseka potulukira pa chifu. Hatchi sisanza. Chifu chikadzaza popanda kotulukira, chimang'ambika. A ku chipatala cha ziweto ku Cairo anali atanenetsa kuti sangachite opaleshoni kamwana kofooka chotere pongoganizira, ayambe aona umboni.

Umboniwo ndi umene Nermin anadzera. M'mamawa anaveka Zahwa kadengu pakamwa kuti asayamwe. Patapita maola anayi anamuthira phala loyera ngati choko kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, n'kuyamba kumujambula ndi makina ounikira m'thupi theka la ola lililonse. Chifu chabwino chimakhala chitakankha phalalo pakatha maola awiri. Chithunzi choyamba, phala lili phee. Chachiwiri, chachitatu, lili pomwepo. Kunatsala chimodzi chokha pamene malipenga a magalimoto analira kuchipata.

Haji analowa m'khola atavala mkanjo wake wa Lachisanu, akununkhira ngati sitolo ya mafuta.

"Dokotala, mwana wanga, chotsani chinthucho kumaso kwa mwanayu. Mlendo wathu Abu Rakan wafika."

"A Haji, kwatsala theka la ola basi. Mlendoyo ayambe wamwa tiyi."

"Wamwa kale makapu awiri! Munthu akwere ndege kuchokera ku Kuwait kudzaona dengu? Kwawoko madengu kulibe?"

"Akayamwa panopa, chifu chikhoza kung'ambika."

"Iii, ana asukulu inu! Ngakhale pa Ramadani makanda sasala kudya. Mwana wanjala pamaso pa alendo, pa nyumba yanga? Akanena kuti Abdel-Sattar wasauka, mukawayankha ndinu?"

Anamasula kadenguko ndi manja ake. Zahwa ndi mayi wake anawatulutsira pa bwalo lamchenga, antchito n'kumagwedeza majumbo omangirira ku nsonga za ndodo kuti mahatchiwo adzidzimuke, athamange michira ili m'mwamba. Zahwa anathamanga, ndipo zoona zake anakongola mochititsa kaso. Alendo anaomba m'manja, mafoni ali m'mwamba. Kenako kamwanako kanathamangira ku bere n'kuyamwa mwa njala ya tsiku lonse, Haji akumwetulira ngati mkakawo ndi wake.

Abu Rakan anatapa zipatso za kanjedza m'mbale n'kutambasulira dzanja kwa Zahwa.

"Bwana, chonde, musam'patse," anatero Nermin.

Mlendoyo anayang'ana mwini nyumba. Haji anaseka chikhakhali.

"Musamumvere, m'bale wanga. Madokotalawa n'chimodzimodzi, wanga amandiletsa shuga koma si uyu ndili moyo? Mpatseni, dzanja lanu ndi lamadalitso."

Nermin anawerenga zipatso zisanu zimene Zahwa anameza, mtima ukuwira. Anakwiyira Haji, anakwiyira mlendo, koma koposa anadzikwiyira yekha chifukwa anaima pamenepo ngati mtengo, kuopa kuchititsa manyazi munthu wamkulu.

Sanadikirenso chithunzi chachinayi. Anaimbira a ku chipatala n'kuwachonderera mpaka anavomera kuti abwere ndi Zahwa msanga. Koma galimoto yonyamula mahatchi inali itatsekeredwa ndi magalimoto a alendo, ndipo alendowo anali atakhalira nkhosa yootcha. Kwa Haji mlendo sadzutsidwa pa mbale. Nermin anatumiza uthenga kwa Haji katatu, ndipo katatu konse yankho linali lakuti angomaliza mpunga.

Nthawi yonseyi Zahwa ankagubuduka ndi ululu. Pamene ku mzikiti ankaitanira pemphero la masana, anasiya kugubuduka. Anangoima chete, thukuta lili kamukamu, ndipo wosadziwa akanati wachira. Nermin ankadziwa kuti ululu waleka chifukwa chifu chang'ambika. Anamubaya yekha jekeseni womaliza, womupha kuti asazunzikenso, atamugwira khosi.

Anamutumbula kuseri kwa khola. Potulukira pa chifu panali patatsala kabowo kosalowa ndi chala chomwe, ndendende monga ankaganizira. Kukhala wolondola sikunamuthandize chilichonse. Anatsuka njere zisanu za kanjedza zimene anazipeza m'mimbamo, n'kupita nazo pakhonde pomwe Haji ankapumira alendo atakagona, n'kuziika m'kambale ka tiyi wake.

Haji anaziyang'ana nthawi yaitali. Misozi inatsika, yeniyeni, pakuti kamwanako ankakakonda ndithu.

"Diso la nsanje la anthu ndi loopsa, Dokotala," anatero akupukuta kumaso. "Anamuyamikira kwambiri lero."



Haji anavundikira njerezo ndi kapu, n'kutsitsa mawu.

"Ndipo Abu Rakan asamve zimenezi mpaka atanyamuka. Angachite manyazi, munthu wabwino uja."