Msoko pa Chitsulo cha Ngolo

Ndinabwerera ku Champiti ndili ndi imvi, chikwama cha mabuku ndi chifuwa chosatha. Unyamata wanga wonse unathera ku Joni, m'fakitale yosungunula ndi kupsinja zitsulo. Mudzi womwe ndinkaulota ndili pa ng'anjo sindinaupeze. Ndinapeza anthu onditcha mtchona. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kachigawo ka munda wa malemu mayi, womwe unali m'manja mwa mlongo wanga Lufina.

"Achimwene, tikolole kaye," anatero. "Tidzakambirana."

Tsiku lina amuna ake, a Maliro, anabwera kuchokera pa Nsipe ndi chitsulo chatsopano chogwira matayala a ngolo. Anachiponya pabwalo, anthu n'kusonkhana. Ine ndinali nditaiwala kuti kuno munthu akakuonetsa chomwe wagula safuna nzeru zako, amafuna umuyamikire basi.

"Nanga a injiniya a ku Joni," anaseka a Maliro, "pakamwa pauma?"

Ndinayendetsa chikhadabo m'litali mwa chitsulocho. Chinakodwa pa kamzere kowonda ngati tsitsi.

"Alamu, ichi chili ndi msoko. Pochipsinja chili chamoto chinapindika, khungu lake n'kulowa mkati. Kunja n'chimodzi, mkati n'ziwiri. Komanso zotchipazi amasungunula zinyalala zilizonse, mankhwala a fosiforasi oumitsa chitsulo n'kuchuluka, ndiye sizipirira kuzizira. M'mawa wina mutasenza kachewere pamtsetse, chidzathyoka ngati chinangwa."

A Maliro anatembenukira kwa anthu aja.

"Mwamva nonse?" anatero a Maliro. "Atchula m'mawa, atchula mtsetse. Inu ndinu mboni."

Chinathyoka mu Juni, pamtsetse wopita kumsewu. Ngolo inagubuduzika, ng'ombe imodzi n'kuthyoka mwendo, ndipo anaipha pomwepo. Ndinathamangirako n'kutola chidutswa. Pothyokapo theka linali lakuda, theka lonyezimira ngati mchere.

"Taonani, kudaku n'kwakale, chinachoka nako ku fakitale!" ndinafuula.

Palibe anayang'ana chitsulocho. Onse ankayang'ana ine. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo.

Madzulo Lufina anabwera kukhitchini komwe ndinkagona. Sanakhale pansi.

"Achimwene, anthu akufunsa kuti munadziwa bwanji."

"Ndinaphunzira, chemwali. Zili m'mabuku, ndakhala ndikuziona ndi maso angawa."

"Mabuku anuwo amadziwanso mtsetse wa kwathu kuno?"

"Ngolo iliyonse imathyokera pamtsetse, iwe Lufina! Ukufuna ikathyokere m'tchalitchi?"

Sanaseke. Kale ankaseka mpaka kugwira m'mimba, mtsikana ameneyu.

"Za munda zija muiwale," anatero. "Alamu anu, bambo a Zione, akuti sangalime moyandikana ndi munthu wa pakamwa potero. Inenso ndili ndi ana."

Sabata yotsatira ndinakwera kabaza wopita ku Sharpevale kukafuna nyumba ya lendi. Tikudutsa pamanda pomwe pagona mayi, woyendetsayo anacheuka.

"Madala, ndinu alendo kuno?"

"Eya," ndinatero.