Envulopu Yochokera ku Halale

Anesi anatula mtolo wa nkhuni pambali pa khomo, nakhala pansi nkhata ili m'manja. Aka kanali kachitatu kubwera tsiku lomwelo, ndipo nkhuni zimene anabweretsa m'mawa zinali zisanakhudzidwe n'komwe.

"Mwaswera bwanji, amake Vailet?"

"Taswera," anayankha Alesi, maso ali pamphasa. Mawu anali atamuthera ndi kulira kwa masiku atatu.

Zakeyu, mwamuna wake, anali atamwalira ndi chibayo ku Halale milungu itatu yapitayo, ndipo anzake a kuntchito anamuika komweko. Kuno ku Thyolo kunangofika uthenga. Anthu a m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti, anakhuza tsiku limodzi lokha n'kubwerera kukadulira tiyi, pakuti mzungu wa esiteti anati maliro opanda mtembo sangaimitse ntchito.

Anesi anakanda mphasa ndi chikhadabo kwa kanthawi.

"Sindikufuna kukuvutani. Koma mu envulopu muja, kapepala kathu kanalimo?"

"Envulopu ili ndi alamu."

"Ndikudziwa. Ndimati mwina Vailet anaonako dzina."

Vailet, mwana woyamba wa Alesi, anali pakhonde akuyamwitsa khanda lake. Anapukusa mutu.

"Ndinangowerenga kapepala kapamwamba, kamene analemba a Jonas, anzawo a ababa a ku Halale. Nditaona mawu oti ababa atisiya, maso anachita mdima. Tina tija sindinatione."

Anesi anagwedeza mutu, koma sananyamuke.

Zakeyu anachoka pa esiteti mu 1928, wapansi, kudzera ku Tete. Poyamba ankatumiza mawu apakamwa kudzera mwa anthu obwerera kumudzi, koma mawu oyenda miyezi iwiri pamsewu ankafika atasintha. Iye anati wapeza ntchito yochapa nsalu pachipatala, uthenga unafika woti wagonekedwa m'chipatala, ndipo Alesi analira mlungu wathunthu pachabe. Uthenga wa pa waya unali wa azungu, mawu owerengeka okha ankadya chakudya cha mlungu. Kalata nayo inkafuna sitampa, pepala ndi munthu wodziwa kulemba, ndipo amuna ambiri a ku Thyolo amene anali kumeneko analibe zitatu zonsezi.

Ndiye Zakeyu anapeza njira yake. Lamlungu lomaliza la mwezi ankasonkhanitsa anzake kuseri kwa nyumba yochapira. Aliyense ankanena mawu ake, iye n'kumalemba ndi zilembo zing'onozing'ono pa timapepala topyapyala totola kuntchito. Akatha ankapita nato pa sikelo ya m'sitolo ya mmwenye kuti tisapitirire kulemera kwa sitampa imodzi. Sitampayo ankagula mosinthana. Envulopu inkafikira kwa Mwamadi, telala wa pa Boma, Vailet n'kukaitenga, ndipo iye ndi mayi ake ankayenda khomo ndi khomo kuwerengera eni ake. Mabanja khumi ankamva za anthu awo mwa njira imeneyi.

Ya mwezi uno inafika ndi imfa pamwamba. Dickson, mng'ono wake wa Zakeyu, amene anali kapitawo pa esiteti, anailanda m'manja mwa Vailet tsiku lomwelo n'kuiika m'thumba la jekete.

Dickson anafika dzuwa litapendeka, matope ofiira ali mpaka m'maondo. Ataona Anesi anaima potero mpaka mayiyo anatola nkhata yake n'kutsazika. Kenaka anakhala pa chitsa chimene chinali pafupi ndi khomo, navula chipewa.

"Mawa tikamete, alamu. Anthu atopa."

"Timeta. Koma envulopu ija ndikuifuna."

"Ya chiyani?"

"Mwamuona Anesi. Dzulo kunabwera mai Lestina ndi ndodo yawo. Amabwera ndi nkhuni, ndi madzi, koma maso awo ali pa thumba lanu."

Dickson anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Bwana anandiitana mwezi watha. Akuti makalata amenewa ndi amene akumuthera anthu. Nthawi yothyola chaka chino amuna anayi anathawa kupita ku Halale, ndipo akudziwa nyumba imene makalata amalowera. Ine ndinamuuza kuti ndi kalata ya mwamuna kwa mkazi wake, palibenso china. Pano mwamunayo kulibe. Mukayamba kuyenda nawo m'malayini, ndikanena kuti chiyani?"

"Ndiye mukufuna kuwatani?"

"Kuwotcha. Zithere pomwepa."

"Muli mawu a anthu amoyo mmenemo, alamu."

"Inunso ndinu wamoyo!" Dickson anakweza mawu, khanda la Vailet n'kudzidzimuka. Anatsitsanso. "Nyumba iyi mwakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi popanda mwamuna wogwira thangata. Mukuyesa ndi ndani wakhala akuyankha kuofesi? Ndatopa nako kunama, alamu. Ndatopa."

Alesi sanatsutse. Zimene ankanena mlamu wake zinali zoona. Akazi ena amene amuna awo anapita kunja anathamangitsidwa kalekale, nyumba zawo n'kupatsidwa kwa anthu atsopano ochokera kutsidya kwa Ruo.

"Achimwene analembera Thyolo yense," anapitiriza Dickson, akuyang'ana pansi. "Ine, wobadwa nawo mimba imodzi, ngakhale mzere umodzi."

"Ankaopa," anatero Alesi. "Ankati dzina lanu likapezeka pa pepala, bwana akuchotsani ukapitawo. Koma mwezi uliwonse ankafunsa ngati bondo lanu lija likukusautsanibe."

Dickson anasisita bondo lija. Kumunsi kunalira chitsulo chowerukira, ndipo anthu anayamba kutuluka m'mizere ya tiyi, zikwanje zili pamapewa.

"Mukudziwa chimene chichitike?" anafunsa.

"Ndikudziwa."

"Ndipo mukufunabe?"

"Ine wanga sindinamuone ngakhale nkhope. Sindikudziwa kumene mutu wake unaloza m'manda. Ndikawotcha timapepalati, akazi asanu ndi anayi agona ngati ine, pamene awo ali moyo. Sindingathe."

Dickson anapisa dzanja m'jekete, naika envulopu pamphasa. Inali ya pepala lofiirira la thumba la shuga, itapindika m'mbali ndi thukuta. Anavala chipewa n'kumapita, akutsimphina pang'ono.

Anameta Loweruka. Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Alesi anamanga duku pamutu wometedwawo, Vailet anabereka mwana, nayamba kutsika m'malayini.

Anayambira kwa Anesi. Vailet anatambasula kapepala kosaposa chikhatho, nawerenga mawu a Everson, mwamuna wa Anesi: "Ndili bwino. Chala chimene chinapsinjika ndi njerwa chapola. Ndibwera pa Khirisimasi. Mbuzi ija usagulitse."

Anesi anaseka mokweza, nawomba m'manja. Kenaka anakumbukira amene waima patsogolo pake, nagwira pakamwa.

"Sekani," anatero Alesi. "Tabwerera zomwezo."

Mai Lestina anawerengeredwa kawiri chifukwa makutu awo anali atayamba kugontha. Mwana wawo ankangopereka moni ndi kufunsa ngati denga likudonthabe, koma iwo anatenga kapepalako n'kukamanga pa nsonga ya nsalu ngati ndalama. Pakhomo lina mwamuna analemba kuti wapeza banja komweko ndipo asamudikire. Mkaziyo anamvetsera mpaka kumapeto, nathokoza, nalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Pofika pa khomo lachisanu ndi chinayi miyendo ya Alesi inali itatupa, ndipo anabwerera kunyumba akupumira m'njira.

Lachitatu Dickson anabwera, koma sanakhale pa chitsa.

"Akuti pakutha pa mwezi nyumba ikhale yopanda munthu."

"Nanga inu?"

"Ine andisiya. Anangonditukwana pamaso pa anthu." Anatembenuza chipewa m'manja. "Ndidzakunyamulirani katundu mpaka kwa Khwethemule. Amalume anu ndawatumizira kale mawu. Akuti pali kamunda kotsetsereka kuseri kwa nyumba yawo."

Vailet anali wotsala, popeza mwamuna wake ankagwira ntchito mufakitale ya tiyi. Anagwirizana ndi akazi aja kuti alembere Jonas kuti apitirize kutumiza, ndipo aliyense azikamvera mawu ake pa khonde la telala tsiku la msika, kutali ndi maso a esiteti. Ngati Jonas adzakhale ndi mtima woyenda ndi timapepala kupita pa sikelo mwezi ndi mwezi, palibe amene ankadziwa.

Tsiku losamuka kunacha ndi chiperoni. Katundu sanali wambiri: miphika iwiri, khasu, mphasa ndi mtolo wa zofunda. Akudikira Dickson, Vailet anasolola envulopu ija pa tsindwi pamene mayi ake anaisomeka, naigwira m'manja.

Panali chinthu chimene onse awiri ankachidziwa, koma sanachitchule masiku onsewa. Zakeyu analibe kapepala kakekake. Malo ake anapatsa munthu wina kalekale, envulopu itayamba kulemera. Popeza maenvulopu ankapanga yekha, mawu ake ankalemba mkati mwa pepalalo asanalimate ndi phala, ponena kuti pamenepo sikelo siwerenga. Koma iyi anatumiza ndi Jonas, mwini wake ali kale m'manda, ndipo Alesi ankaopa kuing'amba n'kupeza muli mbee.

"Adiresiyi ndi dzanja la ababa," anatero Vailet motsitsa. "Ayenera kuti anaipanga asanagone."

Alesi anatenga mpeni, nautsetsereza pang'onopang'ono m'mene munadutsa phala. Pepala linatambasuka. Zilembo za pensulo zinali mbali yonse, zopendekera, zikucheperachepera chakumunsi kumene malo ankatha.

Vailet anayandikira pakhomo pamene panali kuwala, nawerenga.

"Amake Vailet, moni. Mwezi uno sitampa inali ya Everson, koma ndagula ine chifukwa sanagwire ntchito milungu iwiri. Anesi asamve, angade nkhawa. Kwafika munthu wa kwa Nchilamwela, dzina lake Winston, alibe pogona, ndiye tikupanikizana m'chipinda changa. Mwezi wamawa mudzafunse kumene amakhala mkazi wake, ndidzaikamo kake. Mdzukulu wanga mwati wamera mano awiri, ndauza aliyense kuno mpaka atopa nane. Ine ndili bwino, kachifuwa chabe."

Vailet anaima, natembenuza pepala cham'mbali. Mzere womaliza unakwera m'mphepete chifukwa pansi panalibenso malo.

"Kwanuko tsopano ndi nthawi yozizira. Muzifunda."

Alesi analandira pepalalo, nalisalaza pa bondo ndi chikhatho, ngakhale kuti sankadziwa kuwerenga ndi chilembo chimodzi chomwe.

"Wodwala ndi iye," anatero, "koma akuti ndizifunda ine."

Kunja kunamveka mapazi a Dickson akukwera chitunda. Alesi anakoka mtolo umene anali atamanga kale, namasula mfundo yake, nasolola bulangete n'kulifunda m'mapewa.