Nkhope ya Ezron

Wosema miyala ya pamanda ku Chongwe anapempha chinthu chimodzi chokha. "Munibweretsere chithunzi chooneka bwino nkhope, amai, tichiike pamwamba pa dzina." Nelesi anagwedeza mutu ngati kuti zithunzi za mwamuna wake zinali mbwee m'nyumba. Mantha anamugwira atakhala kale m'minibasi yobwerera ku Palabana. Chithunzi analibe. Choposa apo, chimene sanauzepo munthu, nkhope ya Ezron inali itayamba kumuthawa m'mutu. Akatseka maso ankaona chipewa, ankaona mpata wa m'mano, koma zonse pamodzi zinkakana kubwera.

Ezron anali munthu wojambula ena. Ng'ombe ikabereka, jambu. Zigubu za mkaka zikakwera panjinga, jambu. Koma wina amulozetse foni, ankabisa nkhope kuseri kwa chipewa. "Nkhope yanga sigulitsa mabisi," ankatero. Chithunzi chaukwati chinadyedwa ndi chiswe kalekale, ana oti n'kumujambula mobera analibe, ndipo pamaliro anthu anagwiritsa ntchito cha pachitupa cha boma, kamnyamata ka khosi lalitali kamene Nelesi sanakwatiwe nako.

Awiriwa ankagulitsa mkaka ndi mabisi, mkaka wowawasa uja, m'mashopu a ku Lusaka. Ezron ndiye anatsegula imelo ya bizinesi pamodzi ndi malo osungira zinthu pa intaneti, ndipo ankanyadira ngati wamanga nyumba yosanja. "Vonse vili mu kilaudi, Nelesi. Olo foni igwe m'chitsime, palibe chotayika." Wolamulira akauntiyo anali iye yekha. Nelesi sanafunsepo pasiwedi. Afunsirenji, mwiniwake ali pompo akuwuzira tiyi?

Tsiku limene Ezron anagwa m'khola osadzukanso, kunabwera a Hellen, mlongo wake wamkulu, kuchokera ku Katete. A Hellen ndi mayi woopa Mulungu, ndipo mwambo amauopa kuposa pamenepo. Anasonkhanitsa zovala, nsapato, chipewa, n'kuziika m'bokosi lachitsulo kuti zidikire tsiku limene abale adzakumane n'kuzigawana. Foni nayo anaizimitsa n'kuiponya momwemo.

"Mulamu, iyo ni ya nchito," Nelesi anayesa kunena.

"Yenze kugona m'thumba mwake. Ni chovala," anatero a Hellen, n'kutseka loko, kiyi n'kupita naye ku Katete.

Namfedwa satsutsana ndi alamu mtembo usanazizire, ndiye Nelesi anazisiya choncho. Abale anati adzakumana chaka chikatha. Chaka chitatha anati adikire akolole. Atakolola kunagwa maliro ena. Mashopu a ku Lusaka analemba maimelo, osayankhidwa, mpaka anapeza wina wowapatsa mabisi. Nelesi anatsala ndi ng'ombe ziwiri, mkaka n'kumagulitsa pamsewu. Pamene bokosi linkatsegulidwa, foni inali itatupa ngati chitumbuwa, ndipo wokonza mafoni anangoiyang'ana n'kumubwezera.

Choncho anapita kwa Christabel, mtsikana wa kashopu kotayipa ndi kufotokopa pafupi ndi poimira maminibasi. Christabel anamvetsera nkhani yonse, natsegula kompyuta, nalemba imelo ija n'kudina poti aiwala pasiwedi. Kompyuta inati itumiza nambala yachinsinsi ku foni ya wolamulira. Anaika simu kadi ya Ezron m'foni ina. Zii.

"Anti, iyi simu inafa," anatero Christabel motsitsa mawu. "Ikankhala nthawi itali osasebenza, nambala amapasa munthu wina. Tiyeseko kutuma foni."

Nelesi sanafunikire kuyang'ana paliponse. Nambalayo inali m'zala zake. Anaimba akuyembekeza kumva kuti sikupezeka, koma inalira. Mtima wake, chitsiru cha mtima, unadumpha ngati mwina ayankha mwiniwake.

"Halo?" Anali mawu a mzimayi, kumbuyo kukumveka phokoso la msika.

Nelesi anafotokoza mopunthwapunthwa. Anati nambalayi inali ya malemu amuna ake, kubwera meseji ya manambala, chonde amuwerengere.

"Imwe bakawalala simulema?" anakalipa mayiyo. "Lelo mwabwera na maliro? Mufuna munidyele mu foni? Muchite manyazi!" Foni inadulidwa.

Kunena zoona, mayiyo sanalakwe. Ndani sadziwa kuti nambala yobwera pa meseji sapatsa mlendo? Pa wailesi amanena, kutchalitchi amalengeza. Nelesi yemweyo akanaimbiridwa chotero akanatukwana koposa. Komabe kutchedwa wakuba pa nambala imene inkamuitana kuti "mayi wa kunyumba" kunamupweteka mpaka m'mafupa. Anatuluka m'shopumo osatsanzika.

Christabel sanagwe ulesi. Analembera kampani yosunga akauntiyo, ndipo yankho linabwera laulemu wozizira, lofuna mapepala a ku khoti ndi umboni wina umene Ezron yekha akanaudziwa. Linanenanso kuti akaunti yosiyidwa nthawi yaitali chotere ili pafupi kufufutidwa ndi zonse zili m'katimo. Nelesi anaimbanso kawiri konse. Koyamba sanayankhidwe. Kachiwiri anayankha mwamuna, amene analonjeza kumutengera kupolisi.

M'mawa wina akukama, mutu atautsamiritsa pamimba pa ng'ombe, anayesanso kuitana nkhope ija ndipo sinabwere n'komwe, ngakhale mpata wa m'mano. Anatulutsa foni, naimba nambala ija, naiika pa sipika pamwamba pa chigubu, manja n'kubwerera kumawere a ng'ombe. Sankayembekeza kanthu. Ankangofuna kumva nambalayo ikulira.

"Nimwe futi?" anatero mayi uja.

"Ndine. Musanipase chilichonse, amai. Nenze kufuna chabe…" Panangomveka mkaka ukulowa m'ndowa, tsoo, tsoo, ndi thole likulirira make kuseri kwa mpanda.

Foni sinadulidwe.

"Mukama?" anafunsa mayiyo patapita kanthawi.

"Nikama."

"Ako kathole mwakapatula manje manje. Kamveka kulira kwake." Anapumira m'mwamba. "Ine ndine Cheelo, nili ku Mazabuka. Ninakulira m'khola, ine. Kawalala satuma foni ali pansi pa ng'ombe." Kenako anafunsa: "Ba Ezron, ai? Banthu benze kutuma pano kufunsa mabisi ya ba Ezron. Nenze kubakalipila. Sinenze kudziwa kuti munthu anafa."

Nelesi analira pamenepo, mkaka ukudontha m'zigongono, ndipo mlendo wa ku Mazabuka anamudikira mpaka atatha.

Masana ake, m'shopu ya Christabel, meseji inapita ndipo Cheelo, ali pafoni, anawerenga manambala aja mmodzimmodzi ngati akuwerengera mwana. Akaunti inatseguka. Christabel anati asanachite china chilichonse asinthe wolamulira, kuti zisadzavutenso. Anafufuta nambala ya Ezron n'kuika ya Nelesi. Anafufuta dzina la Ezron n'kulemba la Nelesi. Zinatenga kanthawi kochepa kuposa kusenda nthochi, ndipo Nelesi anamva ngati Ezron amuikanso m'manda kachiwiri, iye ataimirira pompo osaletsa.

Maimelo a mashopu sanawayang'ane. "Zithunzi," anatero.

Zinalipo zambirimbiri. Ng'ombe zitaima, ng'ombe zitagona, bere lotupa lojambulidwira dokotala wa ziweto. Zigubu, njinga, denga latsopano la khola. Ndipo pakati pa zonsezo, Nelesi. Nelesi akusefa mkaka. Nelesi akumanga duku. Nelesi atagona pampando kukamwa kuli yasa, chithunzi choti akanachiona nthawi imeneyo mbale zikanauluka. Nelesi ali kutali panjira ya kutchalitchi, atatembenukira uko. Sankadziwa kuti ankajambulidwa chotere.

Christabel anatsitsa mpaka pansi, nabwerera pamwamba, natsitsanso pang'onopang'ono. Penapake panaoneka chala chachikulu pakona. Penapake mthunzi wa munthu wa chipewa utagwera pa udzu. Basi.

"Anti, palibe," anatero mtsikanayo, maso ali pa kiyibodi. "Kwasala chabe kavidiyo aka."

Anakatsegula. Munali m'khola m'mawa, dzuwa likulowa m'mipata ya matabwa. Mayi wina wa chitenje chobiriwira anali chogwada, akutsuka zigubu, atapereka msana. Kenako mawu anatuluka m'kompyutamo, pafupi zedi, ngati mwiniwake waima kumbuyo kwa mpando.

"Nelesi. Iwe Nelesi. Tayang'ana kuno."

"Nisiyeni, ba Ezron, motoka ya mkaka izanisiya."

"Kamodzi chabe. Niyang'ane."

"Nizakuyang'anani mawa. Muthawila kuti?"

Ezron anaseka, kuseka kwake kuja kotulukira m'mphuno, ndipo vidiyo inathera pomwepo.

Christabel anadzuka mwakachetechete n'kukaima pakhomo, kubweza kasitomala amene ankabwera ndi mapepala. Nelesi anakokera mpando pafupi. Dzanja lake, losazolowera, linafufuza pa kompyutapo mpaka linapeza podina. Khola linabweranso, dzuwa lomwe lija, msana womwe uja.

"Kamodzi chabe. Niyang'ane."

"Cheuka," Nelesi ananong'oneza, nkhope ili pafupi ndi galasi. "Cheuka, iwe mukazi."

Mayi wa chitenje chobiriwira anapitiriza kutsuka zigubu.