Tsiku limene aPepani anandigwetsa

Chifereni ziwalo mbali ya kumanzere, wondinyamula m'nyumba muno ndi loboti. Ana anga anandigulira, kenaka aliyense n'kubwerera kwake mtima uli m'malo. Ndinalitcha aPepani, chifukwa likagunda chitseko, pepani. Likataya tiyi, pepani. Malemu amuna anga mawu amenewo sanawatchulepo mpaka kulowa m'manda.

M'mawa wina aPepani anandigwetsa. Ankandichotsa pabedi kuti andiike panjinga yanga ya olumala. Anandigwira m'khwapa mwa mkono wakufawu, mkono n'kupulumuka ngati sopo, ine khu! Chiuno chinamenya mwendo wa makina anga osokera.

Ululu sunandiopse. Ndinkaopa mwana wanga wachisamba. Anali atanena kale kuti chinthuchi chikadzangolakwitsa, adzanditenga ndikakhale kwawo, m'kachipinda kosungiramo katundu, kwa mkamwini wopereka moni maso ali pafoni. Chonsecho nyumba ino ndinaimanga ndi singano.

"Tamvera iwe," ndinatero atandibwezera pabedi. "Zimenezi zithere m'chipinda muno."

"Pepani amayi. Ana anu akandifunsa ndinena. Ndakugwetsani ndine."

"Mfiti yachitsulo iwe! Usandikhudzenso."

Masana mwana uja anaimba foni, n'kufunsa loboti mmene ndadzukira, monga amachitira. APepani anakhuthula zonse, osasiyako ndi chotupa chomwe. Ine ndinayamba kutsanzikana ndi makatani anga.

"Koma sanathyoke?" anafunsa mwanayo.

"Sanathyoke."

"Chabwino. Amayi, nanunso muzisamala. Ndili pamsonkhano, ndiimbanso."

Ndinati ameneyu akubwera basi. Ndinapesa tsitsi ndi dzanja limodzi kuti tidzakangane ndikuoneka bwino. Ndi mawu omwe ndinawanola. Galimoto iliyonse yodutsa mumsewu ndinkaitchera khutu, koma geti linangoti zii, foni nayonso zii. Dzuwa linachoka pabedi n'kukwera khoma. Apo m'pamene ndinalira, osati chifukwa cha chiuno. Tsiku lonse ndinkaopa kutengedwa, osadziwa kuti palibe akundilimbirana.

Koma chikhodzodzo sichidziwa kunyanyala. Ndinapirira mpaka thukuta kamukamu, aPepani ali chiimire pakhomo, manja lende.

"Amayi," anatero, "kumanja ndikagwira molakwika mumandikalipira, ndiye ndimadziwa. Kumanzere simumva kanthu, ndiye ndimayesa ndagwira bwino. Mundionetse pogwira."

Makasitomala anga, ana anga, amuna anga, onsewo akalakwa ankati wolakwa ndi wina. Ichi chokha n'chimene chinandigwetsa n'kuvomera.

"Tsegula dilowa ya makinawo. Undipatse choko."

Ndi choko cholembera nsalu ndinajambula mtanda pa diresi langa, m'munsi mwa nthiti, monga ndinkachitira ndisanadule nsalu ya mwini. Wina ndinaujambula pantchafu. Mizere inapindika, koma inkaoneka.

"Apa ndi apa. M'khwapa ayi, si chogwirira cha ndowa."

"Ndamva amayi."

Anawerama, n'kuika manja pa mitanda ija mosamala. Ine ndinakoleka mkono wanga wamoyo m'khosi mwake mozizira.

"Nanga ukandigwetsanso?"

"Ndidzanenanso."

"Uzinena ndithu," ndinatero. "Mwina ulendo wachiwiri mwana uja adzabwera."